Timapazi ta pa mapu

Galu Tolly anali atatha masiku anayi osalawa kanthu pamene Ewan anamasula zingwe za bwato n'kuliza injini.

Dokotala wa ziweto anali atanena mosabisa dzulo lake, Lolemba. Galuyo analibe matenda, mano anali olimba, m'mimba munalibe chotupa. Koma galu wa zaka khumi ndi zitatu sangakhalire madzi okha. "Likafika Lachisanu asanadye, mudzabwere naye," anatero dokotalayo, akusisita khutu la Tolly m'malo moyang'ana Ewan. "Tidzaona chomuchitira kuti asazunzike." Ewan anamva bwinobwino zimene ankatanthauza: jekeseni yomugoneka kosadzukanso.

Bwatolo linali la malemu amayi ake, a Lorna: lalitali, lopapatiza, lobiriwira, utoto utayamba kusupuka kumbuyo. Chilekanirane ndi abambo ake a Ewan, anakhalamo zaka zisanu ndi zinayi, iwo ndi galu wawoyo, akuyendayenda m'ngalande za ku Shropshire. Amayiwo atagonekedwa m'chipatala, Tolly ankasungidwa ndi banja la m'bwato loyandikana nalo, ndipo akuti ankadya mpaka kunyambita mbale. Ewan anachoka ku koleji kudzaika maliro, ndipo sanabwererenso. Anatenga makiyi a bwato, anatenganso galu. Kuyambira tsiku limenelo Tolly anatseka pakamwa.

"Ndikudziwa kuti si ine ukufuna," Ewan ankamuuza. "Nanenso si iwe ndikufuna. Koma idya."

Anayesa nkhuku yowiritsa, nsomba za m'chitini, ngakhale tchizi. Tolly ankanunkhiza, n'kumuyang'ana, n'kukagona pansi pa katebulo ka amayi.

Buku la mapu a ngalande analipeza kuseri kwa ketulo, litafufuma ndi chinyezi. M'mbali mwa mzere wa madzi amayi anajambulamo timapazi ta galu ndi pensulo. Kaphazi kalikonse kankaimira bala kapena tiyirumu yomwe galu amaloledwa kulowa. Pena analembapo mawu: "Pali moto." "Soseji." "Mwini wake ngwamwano koma amakonda Tolly." Masamba onse anali timapazi tokhatokha. Pa zaka ziwiri zomwe Ewan anakhala ku koleji ku Leeds, amayi anapita kukamuona kamodzi, n'kubwerera tsiku lomwelo. "Nanga Tolly ndimusiya ndi ndani? Kogona kwanuko salola agalu."

Ewan anatsala pang'ono kuliponya m'madzi bukulo. Kenako anaganiza kuti mwina galuyo angadye komwe ankadyera ndi amayi.

Bwato la m'ngalande silithamanga. Azimayi okankha ana m'tingolo ankamupitirira m'kanjira ka m'mbali mwa madzi. Tolly anagona pafupi ndi mapazi ake pa chiwongolero, nthiti zikuwerengeka.

Kaphazi koyamba kanali pa mlatho wa nambala 38. Wogulitsa mowa, bambo wadazi, sanaone n'komwe Ewan. "Aa, bwana Tolly! Mwatitaya bwanji?" Anatsitsa botolo la mabisiketi a agalu. "Nanga mayi aja mwawasiya kuti?"

Ewan anamuuza. Bamboyo anapukuta tambula yomwe inali youma kale. "Pepani kwambiri, achimwene. Khalani pansi, ndikupatseni kenakake kotentha."

"Ndadya kale," ananama Ewan, ataimirira pakhomo, jekete ali chivalire.

Tolly analandira bisiketi mwaulemu, n'kuiika pansi, n'kumuyang'ana Ewan.

Lachitatu kunagwa mvula tsiku lonse. Malo otsatira amayi anawajambulira timapazi tiwiri, koma Ewan anapeza matebulo atayalidwa nsalu zoyera, ndipo pachitseko pali chikwangwani. "Pepani, agalu ndi panja pokha," anatero mtsikana woperekera zakudya. "Eni ake anasintha." Panjapo panali mabenchi onyowa. Tolly sanamvetse. Anakhala pakhomo, mphuno itagunda chitseko, kudikira kuti amutsegulire ngati kale. Ewan anachita kumunyamula. Galuyo anali wopepuka ngati thumba la zovala.

M'bwato anatenga labala n'kufufuta timapazi tiwirito mwaukali. Atamaliza anazindikira kuti wafufuta dzanja la amayi ake. Anakhala nthawi yaitali akupapasa pepalalo, pomwe pensulo inasiya timizere tolowa.

Lachinayi m'mawa anafika pa zitseko za madzi, pomwe mabwato amakwerera mtunda. M'munsi mwake munali tiyirumu, m'nyumba yomwe kale inali khola la akavalo okoka mabwato. Pa kaphazi ka pamenepo amayi analembapo liwu limodzi: "Glenys."

"Bwato la Lorna ilo," anatero mayi wina wojintcha, wovala epuloni, asanatseke n'komwe chitseko Ewan. "Ndiye iwe ndiwe Ewan. Mphuno yake yomweyo, kalanga ine."

"Musiyeni mwana, Glenys," inatero nkhalamba ina pakona, osatsitsa nyuzipepala. "Yanuyo munaiona pagalasi?"

"Inu a Cyril, imwani tiyi wanuyo. Wazizira chaka chatha."

Za maliro Mayi Glenys anali atamva kale, nkhani zimayenda ndi mabwato. Anangomugwira Ewan paphewa, kenako anagwada n'kupapasa nthiti za galu. "Mayo ine, Tolly! Wakuchita chiyani mwana ameneyu?"

Ewan anafotokoza zonse: nkhuku, nsomba, dokotala. "Mayi, ndikupempha soseji imodzi. Ya galu. Ine ayi."

Mayi Glenys anaidula tizidutswa, n'kuika m'mbale pafupi ndi chitseko. Tolly ananunkhiza. Anamuyang'ana Ewan. Kenako anayenda mwapang'onopang'ono n'kukagona pansi pa tebulo la pazenera.

"Mwaona?" anatero Ewan. "Mawa ndi Lachisanu. Akufuna amayi, ndipo ine amayi ndilibe oti ndimupatse."

Koma Mayi Glenys sankayang'ana galu. Ankayang'ana lamba wa Ewan, yemwe anali ataboolapo bowo latsopano.

"Iwe wadya liti?"

"Ndimadya."

"Sindinafunse ngati umadya. Wadya chiyani, liti, utakhala pati?"

Ewan anaganiza. Tiyi, ataimirira pa chiwongolero. Buledi wouma, ataimirira pa sinki. Pa katebulo ka amayi sanakhalepo chibwerere m'bwatomo. Magalasi awo anali akadali pomwe anawasiya, pamwamba pa nyuzipepala yakale.

"Ndinadziwa," anatero Mayi Glenys. "Ndiye galu adya bwanji? M'bwato mopapatiza muja galu wopemphetsa pa tebulo ndi chisokonezo. Lorna anamuphunzitsa kalekale: ugone pansi, ndidye kaye, chidutswa chomaliza n'chako, ukatero upite ku mbale yako. Pano ankatero, pa tebulo lomwelo, ulendo uliwonse. Galuyu sakukana chakudya, mwanawe. Akudikira iwe."

"Galu waulemu kuposa adzukulu anga onse," anatero a Cyril.

Ewan anakumbukira. Masiku a holide m'bwato, iye maso ali pa foni, dzanja la amayi likutsikira pansi pa tebulo. Anaziona kambirimbiri, osazilabadira.

"Sindikumva njala," anatero motsitsa mawu.

"Sakufunsa njala pano. Vula jeketelo, ukhale pansi."

Anakhala. Mbale inabwera: mazira awiri, nyama yankhumba yokazinga, nyemba, soseji, buledi wootcha. Nthongo yoyamba inakana kutsika, inangoima pakhosi, ndipo misozi inayamba kugwera pa nyemba. A Cyril anakweza nyuzipepala mpaka kubisa nkhope yonse. Mayi Glenys anapita kukatsuka makapu oyera kale.

Pansi pa tebulo china chake chofunda chinatsamira pa nsapato yake. Chinali chibwano cha Tolly.

Ewan anameza. Anadula dzira, anadya. Anadya nyemba zamchere wa misozi, anadya buledi. Zinamutengera nthawi yaitali, ndipo galuyo sanasunthe. Potsiriza panatsala kachidutswa ka soseji, kakumapeto kopserera. Anakatola ndi zala, n'kutsitsa dzanja pansi pa tebulo osayang'ana, monga ankachitira amayi.

Kwa kanthawi panalibe kanthu. Kenako anamva mpweya wofunda, ndi mano akutenga mosamala kuti asamulume, ndi lilime likunyambita mafuta pa zala zake chimodzichimodzi.

Tolly anatuluka pansi pa tebulo, anadziwongola, n'kupita ku mbale ya pakhomo ija. Phokoso la mbale ikukwekwereka pa simenti linamveka m'chipinda chonse.

"Pang'onopang'ono, nkhalamba iwe, ungasanze," anatero Mayi Glenys.

"Mukunena ine?" anafunsa a Cyril.

Ewan anaseka, kuseka kosakanikira ndi kulira, mphuno zikutuluka mamina.

Masana omwewo anaimbira dokotala uja kuti mawa sabwera. Mayi Glenys anamukulungira chitumbuwa cha nyama m'pepala, namuuza kuti bala ya pa mlatho wa nambala 52 ikulolabe agalu, bola asakwere pa mipando. Atalowa m'bwato, Ewan anaima kanthawi pafupi ndi katebulo kaja. Anatola magalasi a amayi, anawapinda, n'kuwaika pa shelefu pambali pa buku la mapu. Ankafufuzabe mbale m'kabati pamene anamva zikhadabo pa matabwa. Tolly anali atalowa kale pansi pa tebulo.