Nyimbo ya Nedyalko Itatsitsidwa

"Zimitsa," anatero Velichka. "Ndati zimitsa, Radko!"

Mlongo wake wamng'onoyo anadina kompyuta, chitoliro cha klarineti chomwe chinkamveka n'kukhala chete. Anali kukhitchini kwa makolo awo ku Parvomay, ndipo pa tebulo panali pakadali mbale ya tirigu wowiritsa wotsala pa mwambo wokumbukira malemu bambo awo pa tsiku lachisanu ndi chinayi chimwalirire. Amayi awo, a Penka, ankasenda tsabola wowotcha pafupi ndi zenera, osatembenuka.

"Amenewo si abambo. Ndi tsekwe wodwala chimfine."

"Sindinamalize, achemwali. Ukatsitsa mawu a klarineti, imamveka ngati thabwa lake lanenepa, mpweya nawo umalemera. Zonsezo ndimazibwezera m'malo mwake. Ndi ntchito yanga imeneyi."

"Ntchito yako n'kubisa manyazi a atsikana a ku Sofia osatha kuimba. Ine usandiike m'gulu limenelo."

Bambo awowo, a Nedyalko, anaimba klarineti m'maukwati zaka makumi asanu, ndipo kwa zaka zambiri Velichka ndiye ankaimirira pambali pawo, kuimba ndi pakamwa. Kutatsala mwezi kuti amwalire, a Nedyalko anajambula nyimbo yawo yakale pa kamakina komwe Radko anawasiyira. Banja linagwirizana kuti pa mwambo wa tsiku la makumi anayi chimwalirire, Velichka adzaiimbe pamaso pa anthu, chitoliro cha malemu chikumveka. Koma m'mawa umenewo anaiyesa katatu, ndipo katatu konse mawu anamuthyokera pamwamba. Anali ndi zaka makumi asanu ndi ziwiri. Radko anangoitsitsa nyimboyo pa kompyuta osamufunsa, ndipo chimenecho ndicho chinamuwawa Velichka koposa.

"Ali moyo sunayerekeze kukhudza nyimbo yawo," anatero Velichka. "Lero agona, ndiye wapeza mphamvu."

"Ndikufuna musakachite manyazi."

"Manyazi? Unali kuti pamene ndinkawasambitsa? Unkatumiza timakina!"

"Inu munalipo, eya. Ndiye anakuyamikiranipo kangati?" Radko anatseka kompyuta mwamphamvu. "Mwaiwala ku ukwati wa ku Gradina, atakulandani maikolofoni anthu akuona? Mukuteteza munthu amene sanakuuzenipo n'kamodzi komwe kuti mwaimba bwino."

 Zinali zoona, ndipo Velichka anamuda mlongo wakeyo chifukwa chozikumbuka.

"Bwezera mmene anaimbira. Ndikalephera, ndikalephere pa nyimbo yawo, osati yako."

"Mukalephera ndithu."

"Tuluka m'nyumba muno!"

"Nyumba ino ndi yanunso tsopano?"

A Penka anaika mpeni pansi. Anapukuta manja pa epuloni pang'onopang'ono.

"Nonse awiri mumadula anthu pakamwa, ngati bambo wanu," anatero. "Iwe Radko, wadula pomwe nyimbo yathera. Ine ndinali pano tsiku lomwe ankajambula. Tsegula chonse."

"Kumapetoko kulibe kanthu, amayi. Ndi phokoso la mpando basi."

"Tsegula."

Radko anafufuza chojambula choyambirira, n'kuchithamangitsa mpaka kumapeto kwa nyimbo. Mpando unalira. Kenako chifuwa chachitali, chouma, chomwe Velichka ankachidziwa bwino. Panapita mphindi yathunthu.

"Penka, kakujambulabe aka?" Anali mawu a abambo awo, osasa, okwiya monga mwa masiku onse. "Usakagwire. Mwana uja mawu ake atsika, koma ndi wamakani, sangavomere. Ndiimbanso pansi. Akafunsa, udzati mpweya ndiwo unandichepera."

Chitoliro chinayambanso, motsika. Zala zinaphonya, a Nedyalko anatukwana, n'kuyambiranso. Mpweya unkamveka ukutuluka m'mbali mwa milomo yawo.

Velichka sanayang'ane Radko, ndipo Radko sanayang'ane munthu. A Penka anabwerera ku tsabola wawo.

Nyimbo inafika pomwe woimba amalowera. A Nedyalko, amene moyo wawo wonse sanadikirepo woimba aliyense, anachepetsa mawu a chitoliro mpaka kutsala pang'ono kuzima, n'kugwira liwu limodzi. Analigwira nthawi yaitali kuposa mmene nyimbo imafunira, likunjenjemera, kudikira kuti mwana wawo akoke mpweya.