Nkhosa Makumi Anayi za Toktosun

Toktosun anamanga hatchi yake pamtengo n'kuyenda mozengereza kupita pakhoma la ofesi ya zaulimi, pomwe anthu anaunjikana kuwerenga mayina. Boma linali kupepesa alimi amene ziweto zawo zinafa ndi chisanu, powapatsa ndalama zokwana masomu zikwi zitatu pa nkhosa iliyonse.

"Abwana afika!" anakuwa Sagyn, mnzake wa kuubwana. "Nkhosa makumi anayi, iwe? M'kakhola kako kaja? Kapena zinkaswana zitafa kale?"

Anthu anaseka. Toktosun naye anaseka.

Zake zinafa khumi ndi ziwiri basi. Zinazo zinali za Burul, mkazi wamasiye wa mkulu wake. Chisanu chitafika povuta, Burul anali m'chipatala ku Naryn ndi chibayo, ndipo Toktosun anamuimbira foni kuti asade nkhawa, nkhosa zakufazo akwirira yekha. Anazikokadi ndi hatchi, koma anakaziunjika kuseri kwa khola lake. Mlangizi wa ziweto atabwera anangogwira mphuno, kuwerenga, n'kulemba. Kwa Burul anapeza khola losesedwa bwino.

"Alamu," Toktosun anamva mawu kumbuyo kwake. Anali Burul, atawonda, mpango utakulunga mpaka kuchibwano. "Magalasi ndaiwala. Tandionereni dzina langa."

Toktosun anatsitsa chala pamndandanda wonse, kawiri, ngati wofunadi kupeza kanthu.

"Palibe, alamu."

"Ndinadziwa. Akuti popanda nkhosa zakufazo palibe umboni. Ndawauza kuti mlamu wanga anakwirira zonse, yekhayekha, nthaka itauma ngati mwala. Ndani wina akanandichitira zimenezo?" Anapisa m'thumba n'kutulutsa masokosi aubweya. "Ndakulukirani. Pepani, n'zochepa."

"Zinafa zingati kwanu, mayi?" anafunsa Sagyn.

"Makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu. Zatsala zinayi."

Sagyn anayang'ana pepala lija, kenako nkhope ya mnzakeyo. Sanasekenso. Analavula pansi n'kutembenuka.

Masokosiwo anamuotcha Toktosun m'manja. Analowa mu ofesi, n'kuvula chipewa pamaso pa kalaliki, mtsikana wa msinkhu wa mwana wake.

"Mwalakwitsa nambala yanga."

"Talakwitsa ife, bambo?"

"Ine. Makumi awiri ndi zisanu ndi zitatuzo n'za Burul," anatero motsitsa mawu. Mtsikanayo sanamve, ndipo anachita kubwereza mokweza, chitseko chili pululu, anthu onse panja akumva.

Kupolisi sanamutengere, poti ndalama zinali zisanatuluke. Anangomufufuta yense, ndi khumi ndi ziwiri zake zomwe. Burul analandira zake patatha miyezi iwiri, ndipo za nkhaniyo sanatchulepo kanthu, ngakhale kwa amayi anzake. Toktosun akanakonda atamutukwana pagulu.

Udzu utayamba kuphuka m'mapiri, anapita ndi nyundo kukakonza khola la Burul lomwe linagwa mbali imodzi. Palibe anamutuma. Anakhoma mpaka dzuwa linafika paliwombo. Apo Burul anatuluka ndi tiyi wamkaka ndi buledi.

"Muzipumako, alamu," anatero.

Toktosun anapukuta manja pabuluku n'kuwatambasula onse awiri kuti alandire kapu, monga ankachitira zaka makumi awiri zonsezi. Koma Burul anawerama, naika kapu ija pamwala, pakati pa iye ndi mlamu wake, n'kubwerera m'nyumba. Toktosun anaimirira pomwepo, manja ali m'malere, nthunzi ya tiyi ikutha ndi mphepo.