Penshoni ya Amayi

Amayi ankagwira ntchito m'chipinda chochapira zovala pa hotela ina. Chipindacho chinali kuseri kwa khitchini, chopanda zenera, makina akulira tsiku lonse, nthunzi ili tolo moti munthu ukalowamo unkayamba wamva mawu awo usanawaone. Zikhadabo zawo zinali zofewa ngati za khanda chifukwa cha mankhwala oyeretsera nsalu. Bambo anamwalira mlongo wanga akukwawa, ndiye tonse awiri tinakulira malipiro a m'chipindamo.

Ine sukulu inandikana msanga. Ndinaphunzira kuluka tsitsi pa saluni ya mayi wina, kenako ndinakwatiwa ndi dalaivala wa lole. Koma mzime wathuyo anali ndi mutu wina. Wailesi ikafa ankaimasula, loko ikavuta ankaikonza, ndipo anthu a pamalo pathu anamutcha Injiniya asanamere ndi ndevu zomwe. Atasankhidwa kupita ku koleji kukaphunzira zomangamanga, amayi anavina pakhonde ali ndi yunifolomu ya kuntchito. Titaona fizi yake, kuvina kunatha.

Amayi anali atatsala zaka zochepa kuti apume pantchito n'kumalandira kangachepe mwezi ndi mwezi mpaka imfa. Koma kuofesi anawauza kuti panali njira ina: kupumiratu nthawi isanakwane n'kutenga ndalama zonse pakamodzi.

"Amayi, mukatenga zonse, mawa mudzadya chiyani?" ndinawafunsa.

"Penshoni yanga ndi uyu," anatero akuloza mlongo wanga ndi mlomo. "Ya kuhotela ndi yogulira sopo. Uyu akamaliza, ndidzadya mpaka mano kuguluka."

Amuna anga anaseka. "Apongozi, ndalama zimenezo mukanagula kagalimoto konyamula katundu, ine n'kumakuyendetserani, bwenzi mwezi wamawa mukuwerenga phindu."

"Galimoto imachita dzimbiri, mkamwini. Za m'mutu sizichita dzimbiri."

Mlongo wanga ankakanda tebulo ndi chala. Pambuyo pake anati, "Amayi, ndidzakubwezerani. Ndikulonjeza." Amayi anamukalipira kuti mwana sabwereka kwa make.

Amayi anatengadi ndalama zonsezo, ndipo mlongo wanga anaphunzira ndithu, osati masewera. Akabwera patchuthi ankandionetsa zojambula za milatho, n'kumandifotokozera chifukwa chake chitsulo chimaikidwa m'munsi mwa konkire osati pamwamba. Ine sindinkamvapo kanthu, koma ndinkakonda kuona nkhope yake ikuwala. Tsiku lolandira digiri amayi anavala nsapato zatsopano zimene zinawaluma mpaka anazivula m'holo momwemo. Dzina lake litatchulidwa anaimirira opanda nsapato, akulira, mayi wina wosawadziwa n'kuwakumbatira.

Kenako tinayamba kudikira.

Mlongo wanga ankadzuka m'mawa, kusita shati, n'kumazungulira m'maofesi. Kwina ankamuuza kuti akufuna wodziwa kale ntchito, kwina mlonda sankamulola n'komwe kudutsa pageti. Kampani ina yomanga nyumba inamutenga kuti aphunzire ntchito, n'kumangomupatsa yokwerera basi. Anagwira ndi mtima wonse, akubwera fumbi la simenti lili mbuu m'tsitsi. Nthawi yomwe anagwirizana itatha, bwana anamugwira chanza, n'kumuuza kuti ndi mnyamata wanzeru. Lolemba lotsatira pamalo pake panali wina wongomaliza kumene koleji, nayenso wolandira yokwerera basi. Anaphunzitsako masamu pa sukulu ina ya munthu, koma malipiro ankabwera mwezi uno, mwezi winawo ayi.

"Sunga khosi, mwanangu, mkanda woyera udzavala," amayi ankatero.

Koma ndalama zija zinali zitatha kalekale, ndipo mwininyumba sadikira mkanda. Amayi anayamba kulandira zovala za anthu n'kumachapira pakhomo. Makina aja kunalibe. Ankachapa pamanja, atagwada m'bafa, akamadzuka n'kumagwira khoma. Ine ndinkathandiza pamene ndikanatha, koma nanenso ndinali ndi ana. Mlongo wanga anatenga ntchito yosita. Ankasita bwino kuposa amayi amene, mzere wa thalauza kuongoka ngati wajambula ndi rula.

Loweruka lina ndinali komweko pamene mayi wina anabwera kudzatenga mashati a amuna ake. Anawayang'ana imodziimodzi n'kugwedeza mutu mokhutira.

"Mwapezatu wantchito wodziwa kusita. Mumamulipira bwanji? Bwanji azibwerako kwathu kawiri pamlungu?"

"Ameneyu ndi mwana wanga," amayi anayankha monyada. "Ndi injiniya."

Mayi uja anaseka poyesa nthabwala. Ataona kuti palibe wina akuseka, anatsokomola, n'kulipira msangamsanga osadikira chenje. Mlongo wanga sanatukule mutu. Anamaliza shati yomwe inali patebulo, n'kuzimitsa simbi, n'kutuluka.

Kuyambira pamenepo anasiya kudya pakhomo. Amayi akamuikira chakudya ankati wadya kwa anzake. Makolala a shati anayamba kumukulira. Tsiku lina ndinamupeza atakhala pa mulu wa njerwa kuseri kwa nyumba ina yosamalizidwa, pafupi ndi siteji ya basi.

"Iwe, ukufuna kuwapha amayi ndi maganizo? Bwanji sukudya?"

"Achemwali, chakudya chake chimanunkha sopo. Ndikati ndimeze, chimaima pakhosi."

"Ntchito ipezeka."

"Ipezeke mawa, tiyerekeze. Mukudziwa malipiro a woyamba kumene? Ndichotsepo lendi, ndichotsepo basi. Kuti ndidzafike pa zimene amayi anataya, iwo adzakhala ali kuti? Masamu amenewa ndawachita mbali zonse. Sakutuluka."

Ndinamugulira buledi ndi chakumwa pa kagolosale, n'kuima pomwepo mpaka anadya.

Mnzake wina wa kukoleji anali atapita kunja, kudziko lakutali, ndipo ndi amene anamuitana. Amuna anga anagulitsa matayala awo osungira n'kukongola kwina kuti tikiti ikwane. Mlongo wanga anapita ngati mlendo wokacheza, masiku ake atatha sanabwerere. Anapeza ntchito m'nyumba yaikulu yosungiramo katundu, yonyamula makatoni kuchotsa pa lamba n'kumawasanja m'magalimoto. Palibe anamufunsa za digiri. Anangomuyang'ana mapewa n'kumupatsa magolovesi.

Ndalama zinayamba kubwera, ndipo zinali ndalama ndithu. Amayi tinawasamutsira m'nyumba ya mpope wa m'kati. Anasiya kuchapa. Ngongole ya amuna anga inabwezedwa, ine n'kutsegula saluni yangayanga ya mipando iwiri. Anthu ankawauza amayi kuti, "Mwaona kuphunzitsa mwana? Injiniya wanu akukudyetsani tsopano." Amayi ankangomwetulira.

Iye sanawabisire. Ankaimba pa vidiyo Lamlungu lililonse, atavala chijasi, ali m'kachipinda komwe ankagonamo ndi anzake atatu.

"Kodi ukumanga chiyani kumeneko, mwanangu? Milatho ija?"

"Ndimanyamula makatoni, amayi."

"Makatoniwo amafuna masamu?"

"Kwambiri. Ukalakwitsa, limakugwera pamwendo."

Anaseka onse awiri, amayi mpaka kupukuta misozi. Koma foni itaduka amayi anakhala nthawi yaitali ataigwira m'manja.

"Walira mvula walira matope," anatero. "Ndinkati ndikugula mpumulo. Sindinadziwe kuti ndikugula tikiti yoti mwana andichokere."

"Koma mukupumatu, amayi."

"Eya, ndikupuma. Nyumba yonseyi ndekha, ngati mlonda."

Zaka zinapitapo. Chifuwa chomwe amayi ankachinyozera kuyambira ali kuhotela chinakula. Anayamba kubanika ngakhale pongoyenda kupita kukhitchini. Tinawagoneka m'chipatala cholipira, chipinda chawochawo, ndipo mlongo wanga ankalipira osadandaula. Adokotala atandiitanira pambali n'kundiuza kuti mapapo atheratu, ndinamuimbira ndili m'khonde la chipatalamo.

"Ndikubwera," anatero.

Tonse tinkadziwa tanthauzo lake. Mapepala ake sanali olongosoka. Akanatuluka m'dzikomo sakanaloledwa kulowanso. Ndinalowa n'kuwapatsa amayi foni, ndipo anachotsa kachipangizo kopumira pamphuno kuti ayankhule bwino.

"Ndamva kuti ukufuna kubwera. Ubwere kudzatani? Kudzasitanso mashati a anthu?"

"Amayi, ndikufuna ndikuoneni."

"Si ukundiona apa? Taona, ndanenepa. Khala komweko. Ukabwera sindikuyankhula."

Anamukalipira mpaka anavomera. Koma masiku otsatirawo, chitseko chikangotseguka ankatembenuza mutu msanga. Akaona kuti ndi namwino ankatsinzinanso. Tsiku lina anandifunsa kuti ndege imatenga nthawi yaitali bwanji kuchokera kumeneko. Nditawauza anati, "Oo, si kutali kwenikweni," ndipo sanaitchulenso nkhaniyo.

Anamwalira m'mawa, ndikuwapukuta kumaso.

Tsiku loika maliro ndinanyamula foni m'mwamba kuti mlongo wanga aone. Iye anali kuntchito, atabisala pakati pa mashelefu, atavala chovala chowala cha ogwira ntchito. Sankalira mokweza, ankangoluma golovesi. Bokosi lisanatsike ndinamva mawu a munthu akumuitana mwaukali m'chiyankhulo cha kumeneko. Anatembenuka, n'kuyankha mwaulemu, kenako anati, "Achemwali, nthawi yopuma yatha." Foni inaduka. Ndinakhalabe nditaikweza m'mwamba mpaka amuna anga ananditsitsa mkono.

Kwa miyezi ingapo sankaimba. Ndalama zokha zinkabwera, ngakhale ndinamulembera kuti palibenso wozidya.

Chaka chatha mwana wanga wachisamba, mtsikana, anakhoza bwino mayeso n'kusankhidwa kupita ku koleji. Anabwera kusaluni akuthamanga, n'kundikumbatira ndili ndi chipeso m'manja. Makasitomala anaomba m'manja. Ine ndinamwetulira, koma m'mutu ndinali nditayamba kale kuwerengera fizi. Amuna anga, omwe tsopano msana ukuwavuta, anati, "Mayi a mwana, tinaona ndi maso athu. Bwanji angokhala nanu pasaluni? Pakutha pa zaka zinayi adzakhala ali ndi yake." Mwanayo anamva ali kuchipinda, ndipo tsiku limenelo sanatuluke.

Ndinawaimbira amalume ake. Anali atangoweruka, atakhala pabedi akumasula nsapato. Tsitsi lake layamba imvi m'mbali.

"Ndilipira ine," anatero ndisanamalize n'komwe.

"Sindikupempha ndalama. Ndikufunsa nzeru. Iwe unapitako. Kodi n'zaphindu?"

Anavula nsapatozo n'kuzikankhira pansi pa bedi.

"Mukafunsa za ndalama, achemwali, sizinabwerere. Zimene ndatumiza zonsezi ndi za msana, osati za mutu. Ndikanatha kubwera kuno osapondako ku koleji, amayi n'kukhala ndi penshoni yawo." Anapukusa mutu. "Koma nthawi zina ndikakwera sitima popita kuntchito timadutsa pa mlatho wina wautali. Ndimadziwa chifukwa chake sukugwa. M'sitima monsemo mwina ndimadziwa ndine ndekha. Sizigula kanthu, koma sindingafune kuti wina andilande."

"Ndiye ndimuuze chiyani mwanayu?"

"Apite. Mwina iye zidzamuyendera, ena zimawayendera. Koma inu musagulitse kanthu. Ndipo musadzamuuze kuti ndiye chiyembekezo chanu. Katundu ameneyo ndi wolemera, ndikukuuzani ine wonyamula katundu."

Anayesa kuseka, koma sizinatheke.

Mwezi wathawu ndinamuperekeza mwanayo. Chipinda chake chili pansanjika yachiwiri, muli mabedi awiri achitsulo ndi katebulo kolembedwalembedwa ndi amene anakhalamo kale. Mnzake wogona naye anali atafika kale, ndipo posakhalitsa anayamba kuseka limodzi ngati anadziwana kale. Ndinamuikira sutikesi pansi pa bedi, n'kumuuza kuti azitseka zenera mvula ikamabwera. Anati, "Amayi, pitani, basi ikusiyani." Pageti ndinadutsana ndi bambo wina wachikulire atasenza matiresi pamutu, mwana wake wamwamuna akuyenda patsogolo manja ali m'thumba. Tinapatsana moni ngati odziwana, aliyense n'kupitiriza ulendo wake.