Kapu ya Mzere Wofiira

Tiyi anatayikanso pambali pa kapu. A Eliness ananamizira ketulo kuti ndi yopindika kukamwa, ndipo Tamara, mwana wa mlongo wawo, anangopukuta patebulo. Linali tsiku lachinayi chiikire maliro a bambo ake, a Redson, ndipo aliyense m'nyumba ya ku Area 14 ija anali atatheratu mphamvu.

Nkhani inali yomweyomweyo chichokere kumanda. Azakhaliwo anakana kusudzula mayi ake a Tamara, a Consolata. Ankati munthu ngati a Redson, amene anagwira ntchito zaka makumi atatu ku Capital Hill, akuwerenga timalemba ting'onoting'ono popanda magalasi, sangangochita khungu popanda chifukwa. Ankati alipo anamuchita chipongwe kuti asaone zochitika pakhomo pake, ndipo ameneyo atuluke m'nyumbamo mwezi usanathe.

A Consolata sanadziteteze. Zaka zisanu zogwira amuna awo padzanja powoloka msewu zinawathera mawu.

Tamara ndiye anapsa mtima. Analowa kuchipinda nabwera ndi envelopu imene anaipeza m'thumba la jekete pogawa zovala za malemu. Inali kalata ya dokotala wa maso, ndipo anaiwerenga mokweza. Inati pakati pa diso pamafa pang'onopang'ono ndi ukalamba, munthu n'kumangoonera m'mbali. Dokotalayo anawonjezera kuti ofufuza akuona ngati mafuta ena a m'magazi, amene munthu amatengera kwa makolo, amakulitsa chiopsezo, choncho abale a bere limodzi akayezetse.

"Zachizungu zimenezo," anatero azakhali. "Kwathu kulibe wakhungu."

"Werengani nokha kuseriku, azakhali. Bambo analembera inuyo."

A Eliness anailandira envelopuyo n'kuiyang'anitsitsa. Kenako anapendeketsa mutu pang'onopang'ono kuti aione ndi m'mbali mwa diso, ndendende momwe ankachitira malemu. Onse anaona. Tamara ankaganiza kuti asangalala kuwagwira pakamwa, koma anagwidwa ndi chisoni.

Zilembo zake zinali zikuluzikulu ngati za pachikwangwani cha sitolo ku Area 1, zokhotakhota, zina zokwerana: ACHEMWALI, PA KHIRISIMASI NDINAMVA TIYI AKUGWERA PANSI. MUSABISE NGATI MMENE NDINABISIRA INE. ALAMU ANU AKUDZIWA NJIRA YA KUCHIPATALA.

A Consolata anadzuka movutikira, napita kukhitchini, nabwera ndi kapu imene amuna awo anaimata okha selotepi yofiira kukamwa kuti aziiona. Anaiika patsogolo pa alamu awo, cha kumanzere pang'ono, n'kuwakankhira ketulo.

A Eliness anapendeketsa mutu nathira. Silinatayike ngakhale dontho limodzi.