Bowa wa pa Bwalo la Mpira

Alamu ake a telala anali munthu woti akasochera safunsa njira. Ana ankawatcha a Ndikudziwa, koma mobisa. Loweruka lina, mvula itavumba masiku atatu, analowa m'chipinda chosokeramo atanyamula beseni lodzaza bowa woyera, wotambasuka ngati maambulera.

"Mlamu, imitsani kaye makinawo. Lero ana adyera izi."

Telalayo, mayi wa ana awiri, anachotsa phazi pa chopondera. "Mwazula kuti?"

"Pa bwalo la mpira. Wamera mozungulira ngati wochita kudzala. Anthu akungoulumpha. Umbuli ndi matenda."

Mayiyo anatola umodzi nkuutembenuza. "Wodyedwa uja phesi lake limakhala ndi mawanga ngati khungu la njoka. Ili ndi losalala. Ndipo pa kapinga wotchetchedwa ndi pamene pamakonda kumera mnzake wopweteka uja."

"Onani mphete ya pa phesiyi, ikuyenda. Ndiponso nkhono zaudya."

"Wopwetekayo mphete yake imayendanso. Nanga inu ndinu nkhono, alamu?"

Anatenga kansalu koyera ndi kakuda, nkutilumikiza pa makina. Anadula chipewa cha bowa wokhwima, nkuchivundikira pakati pa msoko, pamwamba nkuikapo mbale.

"Fumbi lake litsikira pansalupa. Likakhala loyera, tikambirana. Likakhala lobiriwira, mukataya nokha. Mpaka ndivundukule mbaleyi, mwana wanga salawa."

A Ndikudziwa anaseka mpaka kutsokomola. "Bowa kumuyeza ngati diresi la mkwatibwi? Sukulu ya singano imeneyo."

Anakazinga okha kukhitchini, mafuta ochuluka, anyezi awiri. Fungo linadzaza nyumba yonse. Kamtsikana kakang'ono kanaima pakhomo nkumameza malovu, kenako kanayamba kulira. Mayi ake anakakhazika pafupi ndi makina, pamodzi ndi mkulu wake, nkuwapatsa buledi ndi tiyi.

Alamu anakhala pa mpando moyang'anizana ndi anawo, mbale pamiyendo, akutafuna mochita kumveka.

"Mayi anu amaopa ndi chithunzithunzi chawo chomwe. Taonani, ndafa ine?"

Telala anapitiriza kupinda mpendero wa thalauza la kasitomala.

Cha m'ma 3 koloko anavundukula mbale ija. Pa kansalu koyera panali mizere yobiriwira, yoyalana bwinobwino ngati masipoko a njinga. Anatembenuka kuti awaonetse alamu, koma pa mpando panalibe munthu. Kuseri kwa nyumba kunkamveka munthu akusanza.

Mayiyo anayamba wathamangira kukhitchini. Mu poto munali gawo limene alamu anasungira ana. Anagwada nkugwira kamtsikana kaja m'mapewa.

"Unalawa?"

"Ayi, amama."

"Ngakhale kunyambita supuni?"

Kanapukusa mutu. Anakanunkhiza m'kamwa: tiyi yekha. Mkulu wakenso chimodzimodzi. Apo m'pamene anapuma. Anakhuthulira zonse m'chimbudzi, nkukulunga bowa umodzi wosaphika m'pepala kuti madokotala akauone, kenako anaimbira dalaivala wa takisi woyandikana naye nyumba.

A Ndikudziwa anatuluka atagwira khoma, thukuta lili kamukamu, lamba ali m'manja.

"Ndi mafuta aja, mlamu," anatero ndi mawu otsika. "Anali akalekale."

"Mukawafotokozere adokotala zimenezo," anayankha telala, akuyala pulasitiki pa mpando wakumbuyo wa galimoto. "Khalani cha kuwindo."