Khobidi Lotsukidwa ndi Viniga

Nunzia sankafuna kuona chinthu chakuda m'nyumba mwake. Zaka makumi atatu anagulitsa tchizi pamsika wa ku Terni, ndipo sikelo yake munthu ukanatha kudziyang'anirapo nkhope. Ndiye mwamuna wake Ermete atagonekedwa m'chipatala kuti amuchite opaleshoni ya chiuno, mayiyu anati mpata ndi womwewu, nyumba yonse ilawe madzi.

Analowa mpaka m'kachipinda ka Ermete, momwe sankaloledwa ngakhale kusesa. M'kabati munali timathireyi toyala nsalu yofiira, todzaza makobidi a Aroma akale, lililonse m'kabowo kake ndi kapepala pansi. Bamboyu anayamba kusonkhanitsa zimenezi akadali mnyamata wogwira ntchito kunjanji. Makobidiwo anali obiriwira, ena akuda bii ngati otola m'ngalande.

"Munthu wamkulumkulu kumasunga dzimbiri," anang'ung'udza. Anasankha lalikulu kuposa onse, nalinyika m'viniga ndi mchere monga amachitira ndi mapoto ake amkuwa, kenako n'kulikwecha ndi waya. Linawala ng'aning'ani. Mkono utatopa, anati otsalawo aonana nawo mawa.

Masana kunabwera mwana wake wamkazi, Loredana. Ataliona khobidilo patebulo anagwira pakamwa.

"Mayi, mwachita chiyani? Si lija la mzimayi womanga tsitsi ili? Abambo amachita kuligwira m'mphepete mokha!"

"Ndiye? Sukuliona kukongola?"

"Mwalipha. Kubiriwira kuja ndi kumene amakufuna."

Nunzia analiyang'anitsitsa. Nkhope ya mzimayi wa pakhobidiyo inali tizibowo tokhatokha ngati wodwala nthomba, tsitsi lija litafufutika. Ermete ankayenera kutuluka m'chipatala Lolemba. Mayiyu sanaope kukalipiridwa, pakuti pokalipa mwamunayo sankamutha. Chimene ankaopa n'chakuti Ermete akapwetekedwa mtima amangokhala duu, mwezi wathunthu.

M'mawa mwake anapita kusitolo ya Baldassarre, nkhalamba yogulitsa makobidi akale kuseri kwa tchalitchi. Analiponya pakauntala.

"Mundipatse lofanana nalo, lobiriwira. Ndipo musanditchulire mtengo wa alendo, ine ndi wapamsika."

Nkhalambayo inaika galasi padiso. "Eee, la Ermete ili. Ndinamugulitsa ndine, tsitsi ndikadali nalo. Walichita chonchi ndani, mdani wake?"

"Mkazi wake. Tchulani mtengo."

"Lofanana kulibe, mayi. Awa sanatuluke m'makina. Munthu ankawamenya ndi nyundo, limodzilimodzi, lina n'kupendama, lina n'kung'aluka. Kamng'alu aka mwamuna wanu angakazindikire atatsinzina."

"Ndiye libwezereni mtundu wake. Ndilipira."

"Alipo opaka mankhwala, amapusitsa ongoyamba kumene. Chimene mwachotsachi nthaka inachiyala kwa zaka pafupifupi zikwi ziwiri. Ine mukundionamu, ndingadikire zimenezo?"

Nunzia ananenerera, anakalipa, anati sitolo yake ikununkha fumbi. Kenako anatola khobidi lake n'kulunjika kuchitseko pang'onopang'ono, monga amachitira wogula wofuna kuitanidwanso. Baldassarre sanamuitane.

Anakwera basi, khobidi lili m'manja. Anakumbukira makasitomala aja ankati awasendere chikhungwa cha tchizi chokhalitsa, ati n'chauve, ndi mmene ankawathamangitsira pabenchi pake. Ukalamba wa chinthu amaudziwa bwino iye, koma pa tchizi pokha. Zaka zonsezi ankati mwamuna wake amadzitsekera m'kachipinda pothawa ntchito zapakhomo. Sanafunsepo n'kamodzi komwe kuti amaonamo chiyani m'galasi lake loonera makobidi.

Sanadikire Lolemba. Nthawi yoona odwala itakwana analowa m'wodi, osakhala pansi, n'kuika khobidilo pabulangete.

"Ndalitsuka ndine. Viniga ndi mchere. Ndapita kwa Baldassarre kuti ndikunamizeni, wakana."

Ermete analitola, nalitembenuza, naliyandikiza kuwindo. Nunzia anaimirira pomwepo, chikwama atachikumbatira, akudikira chete uja kuti ayambike.

"Angati?" anafunsa mwamunayo pamapeto pake.

"Limodzi lokha. Mkono unatopa."

"Ayamikike Mulungu amene anakulenga wosapirira."

"Musandiseke, bambo inu. Kalipani tithane nazo."

"Ndikalipe ndi chiuno chiti?" Anapumira m'mwamba. "Zandiwawa, Nunzia, sindikunama. Ndinaliyendera miyezi isanu kwa Baldassarre, kumangoliyang'ana pagalasi. M'thireyi silingabwererenso, ndizingolira ndikamatsegula."

"Ndiye ndilitaye?"

"Mzimayi ameneyu anapulumuka moto, nkhondo ndi makasu a olima, kudzagonja kwa iwe. Ndi wako tsopano. Usunge."

Nunzia anakoka mpando n'kukhala. Analandira khobidilo, ulendo uno analigwira m'mphepete.

"Anali ndani kodi?"

"Mkazi wa mfumu. Koma kuti umvetse, ndiyambire kwa apongozi ake."

"Ayi, za apongozi sindikuzifuna. Munene za iyeyu, mwachidule. Basi yomaliza ndi ya folo koloko."

Ermete anadzikokera pa pilo, nayamba ndi apongozi omwewo.