Mbale ya Bhunte

Tsiku lolemekeza agalu litafika, Menuka anakhoma chitseko m'mamawa n'kuika kiyi m'thumba. Ankawadziwa anthu a m'bwalo lawo mumzinda wa Patan. Pa tsikuli galu aliyense, ngakhale wankhanambo wa pamsika, amavekedwa nkhata ya maluwa, kupakidwa chidontho chofiira pamphumi ndi kudyetsedwa mpaka mimba ndi. Ndiye aliyense akanafuna kukwera masitepe makumi anayi ofika kunyumba yawo yam'mwamba kudzadyetsa Bhunte, galu wa malemu Hemanta, mwamuna wake.

Bhunte anali ndi zaka khumi ndi zinayi. Maso anali atachita ng'ala, miyendo yakumbuyo inkagwedera, ndipo masitepewo anasiya kalekale kuwatsika. Kenaka kunabwera matenda a shuga. Mwezi wathawo anaba mpunga wa mkaka kukhitchini, nagona masiku atatu pa diripi. Dokotala wa ziweto sanapsatire mawu: jakisoni m'mawa ndi madzulo, nyama yowiritsa yapamlingo, zotsekemera ayi, chifukwa ulendo winawo galuyu sadzadzukanso.

Chiyambire matendawo Menuka anali asanagoneko kwina. Kwa mchimwene wake ku Dhading ankangolonjeza pafoni. Galu ndi mwini wake anali akaidi a chipinda chimodzi, kusiyana kwake kunali koti winayo ankagwedeza mchira. Nthawi zina Menuka ankatopa naye mpaka kumutukwana, koma akangoganiza zopeza chiguduli chake chili chopanda kanthu, mtima unkamusweka. Chamoyo chimene Hemanta anasiya m'nyumbamo chinali chomwechi.

Oyandikana nawo anagogoda, iye anayankhira kuseri kwa chitseko kuti galu wagona. Anamva wina akutsika akung'ung'udza kuti akazi ophunzira amamanira ngakhale milungu. Sanalabadire, ankaona ngati wapambana. Anangoiwala kuti chitseko chimatsekereza akunja okha.

Fungo la mafuta ndi lomwe linamuuza. Apongozi ake okhala nawo m'nyumbamo, mayi Chandramaya, amene manja awo ankanjenjemera moti sakanatha kulowetsa ulusi pasingano, anali atakazinga okha selo roti, mikate yozungulira ija ya ufa wa mpunga ndi shuga. Inatuluka yopindikapindika, ina yopserera, isanu m'mbale yamkuwa. Bhunte anali atavala kale nkhata yake, chidontho chofiira chitapendekera pamwamba pa diso.

Menuka anawakumbutsa mawu a dokotala, mwaulemu, kawiri konse. Mayiwo anamvetsera ngati akumvera wailesi ya kwa eni. Anati dokotala amadziwa za magazi, koma za pachipata cha Yamaraj, mfumu ya akufa, sadziwako kanthu. Pachipatapo amalondera ndi agalu, ndipo galu wa munthu akamanidwa kuno, mwini wake amaimitsidwa uko. Chaka chatha banja silinachite mwambo chifukwa linali pa maliro. Ndiye Hemanta wadikira zaka ziwiri, adikirenso chachitatu chifukwa cha pepala la kuchipatala?

“Amayi, mumupha galuyu.”

“Iweyo uli ndi galu, mwananga. Ine ndili ndi mwana.”

Mayiwo anagwada movutikira n'kuika mbale pansi. Bhunte ananunkhiza, nameza malovu, koma anatembenuza mutu kufunafuna kumene kunali Menuka. Chichokereni ku diripi kuja sankadya kanthu kosachokera m'dzanja lake. Menuka yemweyo ndi amene anamuphunzitsa zimenezo, ndipo ankanyadira nazo.

Kwa kamphindi mtima wa Menuka unakhala pansi. Kenaka anaona nkhope ya apongozi ake. Mayi amene sanagwetse msozi pamaso pa anthu tsiku lowotcha mtembo wa Hemanta ku mtsinje anali akulira ngati mwana.

“Wakana,” anatero mayiwo motsitsa. “Ndiye kuti mwana wanga sanamutsegulire chipata.”

Menuka anagwada. Ananyema kachidutswa kochepa ngati chikhadabo, akudziuza kuti kameneka sikangaphe, n'kutambasula dzanja. Bhunte anakanyambita nthawi yomweyo, mchira ukumenya pansi, osakayika ngakhale pang'ono, pakuti dzanja limeneli linali lisanamupatsepo choipa.

Mayi Chandramaya anapukuta maso ndi nsonga ya sari, nsalu yawo yovala, nakankhira mbale ija pafupi ndi maondo a Menuka.

“Yonse, mwananga. Ya chaka chatha ili momwemo.”

Bhunte anatsamiritsa chibwano pantchafu pake, kudikira china.